Kalawidwe ka kriek, mowa wowawasa wa matcheri wogonera m'migolo

Munthu amene sanamwepo kriek weniweni amapusitsika ndi maso. Mowawo ndi wofiira ngati madzi a chidede, thovu lake lapinki, ndiye mtima umayembekezera chinthu chotsekemera ngati juwisi. Akangoti kamodzi pakamwa, nkhope imakwinyika, malovu amadzadza, ena mpaka amakankhira tambula kutali n'kumati mowawu wawonongeka. Sunawonongeke ayi. Anaufulula dala kuti ukhale choncho, ndipo unatenga zaka kuti ufike pamenepo. Chimandiwawa ndikaona botolo lomwe lakhala zaka ziwiri kapena zitatu likukonzedwa likuweruzidwa m'masekondi asanu, n'chifukwa chake ndalemba malangizowa, kuti mudziwe chochita kuyambira pogula mpaka pa dontho lomaliza.

Yambani mwadziwa chomwe chili m'botolomo

Kriek ndi mowa wa ku Belgium, ndipo dzinalo m'chinenero cha Flemish limatanthauza tcheri wowawasa. Maziko ake ndi mowa wotchedwa lambic, womwe umafululidwa mumzinda wa Brussels, m'chigwa cha mtsinje wa Zenne ndi m'dera la Pajottenland, kum'mwera chakumadzulo kwa mzindawo. Amasakaniza chimera cha balere ndi tirigu wosameretsa, tiriguyo kukhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Amathiramo hops (maluwa owawa omwe amathira m'mowa) wokhalitsa, wa zaka ziwiri kapena zitatu, amene kuwawa kwake kunatha koma mphamvu yoteteza mowa idakalipo. Akawiritsa kwa maola angapo, amapopera madzi otenthawo m'chipinda chapamwamba, pansi penipeni pa denga, momwe muli chiwaya chachikulu chosazama chomwe amachitcha koelschip. Amasiya mazenera otsegula, madziwo n'kugona pamenepo usiku wonse.

Yisiti wogula sathiramo. Yisiti ndi mabakiteriya a mumpweya, a m'matabwa a nyumbayo ndi a m'migolo ndiwo amagwira ntchito yonse. Pachifukwa chimenechi amafulula m'nyengo yozizira yokha, kuyambira cha mu Okutobala mpaka cha mu Epulo, poti kukatentha mumpweya mumachuluka tizilombo towononga mowa. Kukacha amatsanulira m'migolo yathabwa, yambiri mwa iyo yomwe kale inkasungira vinyo, ndipo mowawo umakhalamo chaka chimodzi mpaka zitatu. M'miyezi yoyamba yisiti wamba amadya shuga wosavuta. Kenako mabakiteriya otchedwa Pediococcus amatulutsa asidi wowawasa. Pomalizira yisiti wakutchire wotchedwa Brettanomyces amadya pang'onopang'ono shuga yense wotsala, n'kusiya fungo lomwe tikambe kutsogoloku.

Matcheri amabwera pambuyo pake. Amawathira athunthu, ndi nthangala zomwe, mu lambic wokhwima kale, n'kuwasiya kwa miyezi ingapo. Shuga wa zipatsozo amadyedwa yense. Chotsala ndi mtundu, fungo, kuwawasa kwa chipatso ndi kukoma kwa khungu lake. Akatero amathira m'mabotolo, momwe mowawo umasasanso kachiwiri n'kupanga mpweya wake wokha.

Ife olankhula Chichewa tili ndi mwayi umene anthu ambiri a ku Ulaya alibe. Asidi amene amawawasitsa lambic ndi yemweyo amawawasitsa chambiko, thobwa logonera ndi mowa wamasese. Tinakula tikuyamwa bwemba ndi malambe, tikudya mango aawisi ndi mchere. Lilime lathu limadziwa kale kusiyanitsa chowawasa chokoma ndi chowawasa chovunda. Muligwiritse ntchito, musaliope.

Kusankha botolo

Apa ndi pomwe ambiri amasocherera, chifukwa dzina loti kriek limalembedwa pa mowa wamitundu iwiri yosiyana kwambiri. Wina ndi wothiridwa juwisi ndi shuga kapena zotsekemeretsa zina, wophikidwa kuti usasasenso, mphamvu yake nthawi zambiri yosapitirira 4 peresenti. Ndi chakumwa chabwino kukatentha, koma si chimene tikukamba pano. Fufuzani mawu oti Oude Kriek pa pepala la botolo. Dzina limeneli ndi lotetezedwa ndi malamulo a European Union, ndipo limatanthauza kuti mowawo unafululidwa mwa njira yakale n'kusasanso m'botolo. Ofulula ambiri a mowa wotere ali m'bungwe la HORAL, lomwe linakhazikitsidwa mu 1997. Mayina omwe mungakumane nawo ndi monga Boon wa ku Lembeek, 3 Fonteinen wa ku Beersel, Oud Beersel, Hanssens, Tilquin ndi De Cam. Cantillon, yemwe anakhazikitsidwa ku Anderlecht, ku Brussels, mu 1900, amalemba mawu oti 100% Lambic pa kriek wake, ndipo nawo ndi wa njira yakale yomweyo.

Yang'anani zinthu ziwiri pa pepalalo. Choyamba ndi kuchuluka kwa zipatso. Kriek wamasiku onse wa Cantillon amakhala ndi magalamu 200 a matcheri pa lita imodzi, Lou Pepe Kriek wawo magalamu 300, pomwe Kriek Mariage Parfait wa Boon amafika magalamu 400. Mukaona mawu oti Schaarbeekse, dziwani kuti anagwiritsa ntchito matcheri aang'ono akuda omwe dzina lawo linachokera ku Schaarbeek, dera la mumzinda wa Brussels komwe kale kunali minda yake. Masiku ano matcheri amenewa ndi osowa, moti ofulula ambiri amaitanitsa matcheri owawasa kuchokera ku mayiko ena monga Poland.

Chachiwiri ndi tsiku lomwe mowawo unathiridwa m'botolo. Mowa wotere umatha kukhala zaka zambiri osawonongeka, koma chipatso ndicho chimayamba kuthawa. Ngati n'koyamba kulawa, sankhani botolo lomwe silinapitirire zaka ziwiri, kuti mumve tcheri akadali ndi moyo. Botolo lakale lili ndi kukoma kwake, koma limafuna munthu amene akudziwa kale momwe laling'ono limakomera.

Palinso mowa wina wa ku Flanders wofiirira, wogonera m'migolo ikuluikulu yoimirira, monga Rodenbach Alexander wa ku Roeselare, womwe nawo uli ndi matcheri. Malangizowa akugwiranso ntchito pa mowa umenewo, kungoti uwo umakhala wotsekemererako komanso kafungo ka viniga kamamveka kwambiri, ndipo kwa iwo si vuto.

Liloleni botolo lipume

Mowawu ndi wamoyo, muli yisiti m'botolomo. Ngati langofika kumene kuchokera kusitolo, kapena m'bale wakubweretserani m'chikwama pa ndege, musalitsegule tsiku lomwelo. Liimikeni chilili pamalo amdima ndi ozizira kwa masiku awiri kapena atatu, kuti nsenga zikhazikike pansi ndipo mpweya udekhe. Botolo logwedezeka limaphulika thovu potsegula, theka la mowa n'kuthera patebulo.

Mdani wamkulu ndi kutentha. Mu 2009 makina oyang'anira kutentha m'nyumba yosungiramo mowa ya 3 Fonteinen anawonongeka, m'nyumbamo munatentha kwambiri, ndipo mabotolo zikwizikwi anawonongeka, ena kuphulika kumene. Zimene zinachitika m'nyumba yaikuluyo zingachitikenso pa botolo limodzi losiyidwa m'galimoto padzuwa la mu Okutobala. Ngati kwanu n'kotentha, sungani m'furiji basi, chilili, kufikira tsiku lomwa.

Pomwa, mowawu umafuna madigiri 10 mpaka 13. Furiji imaziziritsa mpaka cha m'madigiri 4, ndipo pamenepo fungo limatsekeka, kuwawasa kokha n'kumamveka ngati mpeni. Tulutsani botolo mphindi 20 kapena 30 musanatsegule. Ngati kunja kukutentha kwambiri, mphindi 10 zakwana, chifukwa mowawo upitiriza kufunda m'tambula. Madzi oundana musaikemo.

Tambula ndi malo

Tengani tambula ya vinyo, kapena iliyonse yotupa pamimba n'kupanikizika kukamwa, kuti fungo lisonkhane. Itsukeni ndi madzi ambiri kuti sopo asatsalemo, chifukwa sopo amapha thovu ndipo fungo lake limalowerera. Musaiike m'firiza. Konzaninso tambula ina yaing'ono yapadera, ntchito yake muiona kumapeto. Patebulo pakhale madzi akumwa ndi buledi wopanda chopaka.

Pewani kulawa mutangotsuka m'kamwa ndi mankhwala, mutangodya ndiwo za tsabola wa kambuzi, kapena pafupi ndi utsi wa mbaula ndi fodya. Pefyumu nayenso achepe tsiku limenelo. Botolo la masentilita 75 limakwanira anthu anayi kapena asanu, la 37.5 anthu awiri. Ine ndimakonda kulawa ndi anzanga, chifukwa wina amatchula fungo limene iwe umalimva koma dzina likukuthawa.

Kutsegula ndi kuthira

Botolo lake ndi lokhuthala ngati la shampeni, ndipo mpweya uli m'katimo ndi wamphamvu. Ikani matambula pafupi musanayambe. Ngati chotsekera chili ndi kawaya, kanikizani chala chachikulu pamwamba pa chotsekeracho, masulani kawayako, ndipo chalacho chisachoke. Lozetsani kukamwa kwa botolo kutali ndi nkhope ya munthu aliyense ndi kutali ndi nyale. Gwirani chotsekera mwamphamvu, muzipotoza botolo pang'onopang'ono mpaka chituluke ndi kamawu kofewa. Mabotolo a Cantillon ali ndi chitsekerero chachitsulo pamwamba ndi cork (chotsekera chofewa cha khungwa la mtengo) m'kati, choncho mufunika chotsegulira mowa wamba komanso chotsegulira vinyo. Nunkhizani mbali yonyowa ya cork. Ikamanunkha tcheri ndi thabwa, zili bwino. Ikamanunkha katoni yonyowa kapena nguwi, sungani zimenezo m'mutu, tibwererako.

Pendeketsani tambula, thirani modekha m'mbali mwake, kenako iwongoleni kuti pakhale thovu la chala chimodzi kapena ziwiri. Chinsinsi chili pa botolo: mukangolipendeketsa, musaliimikenso mpaka mutathira matambula onse, chifukwa kuliimika ndi kulipendeketsanso kumavundula nsenga. Ku Brussels amagoneka botolo m'kadengu kopendekera pachifukwa chomwechi. Siyani masentimita awiri omaliza m'botolo. Tambula isadzadze, ifike theka kapena kuchepera, mphuno ipeze malo.

Maso

Apa musachedwepo. Ikani tambula kutsogolo kwa pepala loyera. Kriek wamng'ono ndi wofiira mowala, nthawi zina wopita ku pepo ngati anathira matcheri akuda ambiri. Akamakalamba amatembenukira ku mtundu wa njerwa, kenako wa tiyi. Thovu limakhala lapinki ndipo limatha msanga, poti asidi salola thovu kukhalitsa, choncho musadandaule nazo. Kachifunga pang'ono m'mowamo si vuto.

Mphuno, pomwe pali nkhani yaikulu

Musagwedeze tambula poyamba. Ibweretseni pansi pa mphuno, mununkhize mofupikitsa kawiri kapena katatu, ngati momwe mumachitira pofuna kudziwa ngati ndiwo zadzulo zikadali bwino. Nthawi zina fungo loyamba limakhala la mazira kapena la machesi ongoyatsidwa. Ndi mpweya womwe unatsekeredwa m'botolo, ndipo umachoka m'mphindi ziwiri kapena zitatu. Dikirani. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kenako zungulizani mowawo pang'ono, phimbani tambula ndi chikhatho kwa masekondi asanu, vundukulani n'kulowetsa mphuno. Mukufufuza mawu atatu omwe akulankhula nthawi imodzi, ndipo luso lonse la kulawa kriek ndi kuwamva limodzilimodzi.

Mawu oyamba ndi a chipatso. Dzifunseni ngati ndi tcheri wongothyola kumene, wophika ngati jamu, kapena wouma. Pansi pa chipatsocho pali fungo lina lochokera ku nthangala. Amene munaswapo nthangala ya pichesi wa ku Dedza kapena ku Ntcheu n'kununkhiza kambewu ka m'kati mukulidziwa: fungo lokoma, lowawirako, lofanana ndi la amondi. Matcheri ndi mapichesi ndi apachibale, ndipo fungolo limachokera ku chinthu chimodzimodzi. Mukalimva, dziwani kuti zipatsozo zinagona m'mowamo zathunthu kwa nthawi yaitali. Kwa ine ichi ndi chizindikiro chokoma koposa cha kriek wabwino. Matcheri a Schaarbeek amawonjezeranso kafungo konga sinamoni, ngakhale kuti palibe sinamoni amene anathiramo.

Mawu achiwiri ndi a yisiti wakutchire uja, Brettanomyces. Awa ndiwo amathawitsa alendo. Amanunkha ngati udzu wouma wofolerera nyumba, chikopa cha nsapato yatsopano, m'kati mwa nkhokwe, ndipo nthawi zina khola la mbuzi lomvekera patali. Ndikunenetsa kuti patali. Kafungo ka khola kakakhala kumbuyo kwa chipatso, kamapatsa mowa kuzama, monga momwe kautsi kamakometsera nsomba yowamba. Kakafika pobisa tcheri, kapena kukhala ngati pulasitala wa pabala ndi mankhwala a kuchipatala, ndiye kuti kapitirira muyeso.

Mawu achitatu ndi a mgolo, ndipo ndi otsika kuposa onse. Ambiri akamva zoti mowa unagonera m'mgolo amayembekezera fungo la vanila kapena la wisiki. Zimenezo zimachokera m'migolo yatsopano kapena yomwe munali kachasu wachizungu. Migolo ya lambic ndi yakale, ina yazaka makumimakumi, ndipo fungo lake lamphamvu linatha kale. Ntchito yake ndi kukhala mudzi wa tizilombo tosasitsa komanso kulowetsa mpweya pang'onopang'ono kudzera m'thabwa. Chimene mumve ndi thabwa lonyowa, fumbi la m'chipinda chapansi, nthaka itangolandira mvula yoyamba, mwina ndi kafungo ka vinyo wakale. Mukapanda kuumva mgolo m'mphuno musakhumudwe, umaonekera bwino m'kamwa.

Mphuno imatopa msanga. Fungo likayamba kusowa, nunkhizani mkono wanu kapena malaya anu, pumani kanthawi, muyambirenso.

Kumwa katatu musanaweruze

Kumwa koyamba n'kongodzutsa m'kamwa. Imwani pang'ono, zungulizani paliponse, mezani, ndipo musanene kanthu. Asidi amadzidzimutsa lilime, malovu amathamanga, ndipo chilichonse chomwe mungaganize panthawiyi n'chabodza. Dikirani theka la mphindi.

Kumwa kwachiwiri ndi kwa kuwawasa. Sungani mowawo m'kamwa masekondi asanu, mudzifunse kuti ukuwawasa motani, chifukwa kuwawasa kuli mitundu. Kulipo kofewa, kozungulira, konga kwa chambiko, komwe kumadzadza m'kamwa popanda kubaya. Uko n'kwa mabakiteriya a m'mgolo, ndipo ndiko msana wa mowawu. Kulipo kowala, kothwa, konga kwa mango aawisi kapena bwemba, komwe kumagwira m'mbali mwa nsagwada. Uko n'kwa chipatso. Ndiye kulipo kwachitatu, kwa viniga, komwe kumatentha kukhosi n'kukwera m'mphuno. Kwachitatuku kukakhala kochepa kumautsa chipatso, koma kukachuluka ndi chizindikiro choti mpweya unalowa wambiri m'mgolo. Njira yosavuta yosiyanitsira ndi iyi: mukameza, kodi mukufuna kumwanso, kapena mukufuna kutsokomola?

Kumwa kwachitatu ndi kwa thupi la mowa. Tsopano lilime lazolowera, ndipo mudabwa kuona kuti tcheri wayamba kumveka ngati wotsekemera ngakhale shuga mulibe. Ndi fungo lomwe likunyenga ubongo, ndipo ndi chimodzi mwa zosangalatsa za mowawu. Mvetserani mpweya, ngati ukubaya lilime kapena ndi wofewa ngati thovu la mkaka. Mvetseraninso kuuma komwe kumatsala pa nkhama ndi m'masaya, konga mwamwa tiyi wowira kwambiri wopanda mkaka, kapena mwaluma nthochi yosapsa. Kuuma kumeneku kumachokera ku makungu a matcheri, nthangala ndi thabwa la mgolo. Apa ndi pomwe mgolo umalankhula momveka. Kukakhala koyenera kumagwira mowa kuti usakhale ngati madzi a zipatso, ndipo kumatsuka m'kamwa kukonzekera kumwa kwina.

Mukameza, tsekani pakamwa, tulutsani mpweya kudzera m'mphuno. Fungo la nthangala lija limabwerera mwamphamvu panjira imeneyi. Kenako werengani chamumtima kuti kukomako kukhala nthawi yaitali bwanji, ndipo chomaliza kuchoka n'chiyani: chipatso, thabwa, kapena asidi yekha. Kriek wabwino amatha ndi chipatso ndi kuuma koyera. Wofooka amatha ndi asidi wopanda mnzake.

Bwererani ku tambula yomweyo

Musamalize msanga. Siyani theka la mowa m'tambula, chezani, mubwerereko pakatha mphindi 15, kenakonso pakatha theka la ola. Mowa ukamafunda ndipo mpweya ukamachepa, kuwawasa kumagonja, chipatso chimatseguka, sinamoni ndi amondi zimabwera kutsogolo. Kawirikawiri tambula imene inali yaukali poyamba imakhala yofatsa ndi yonunkhira kwambiri kumapeto. Ndikanafunsidwa kuti pa malangizo onsewa munthu asunge amodzi okha, ndikanasankha amenewa, chifukwa kriek amene mwathira ndi kriek amene mukumaliza amakhala ngati mowa uwiri wosiyana.

Tsopano tengani tambula yaing'ono ija. Zungulizani botolo, thirani nsenga zotsalazo, aliyense alaweko. Ndi yisiti, sizipweteka, ngakhale ena zimawasokoneza m'mimba akamwa zambiri. Zimakoma ngati mtanda wa buledi, zowawirako, ndipo zimakuphunzitsani chifukwa chake tinazisiya pambali.

Khalidwe la mowa ndi matenda a mowa

Popeza mowawu uli ndi mafungo achilendo mwachibadwa, pamafunika kudziwa pomwe khalidwe lathera ndi pomwe vuto layambira. Fungo la katoni yonyowa ndi nguwi lija, ngati lili m'mowa momwe ndipo silikuchoka, ndi vuto la cork. Limaphimba chipatso chonse ndipo botolo lotero silichira. Fungo lamphamvu la mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo, pamodzi ndi viniga wotentha kukhosi, ndi la mpweya wochuluka. Mowa wabulauni wopanda mpweya, wokoma ngati zipatso zouma zakalekale, unakalamba kapena unasungidwa pamalo otentha.

Palinso vuto lina lachinyengo lomwe m'mphuno silimveka. Mumameza bwinobwino, ndiye pakatha masekondi 10 kapena 20 kumbuyo kwa lilime kumabwera kukoma konga chimanga chokazinga chomwe chakhalitsa, kapena fungo la m'nyumba momwe mwadutsa makoswe. Kumachedwa chifukwa kumadikira malovu achepetse asidi. Anthu ena sakumva n'komwe, choncho mnzanu akati palibe kanthu musakangane naye. Kawirikawiri vutoli limapezeka m'mabotolo ongothiridwa kumene, ndipo limatha botolo likakhala miyezi ingapo.

Nthawi zina mowa umathirika monanda, ngati therere. Ofulula a ku Belgium amati mowa wadwala. Ndi mabakiteriya a Pediococcus omwe apanga ulusi wonanda, ndipo Brettanomyces amadzaudya pakapita nthawi. Sukupweteka munthu. Ngati muli ndi botolo lina la gulu lomwelo, lisiyeni miyezi ingapo musanalitsegule.

Lembani m'mawu anu

Tengani kope, lembani dzina la mowa, tsiku lothiridwa m'botolo, tsiku lomwe mwamwa, ndi zomwe mwamva. Musabwereke mawu a akatswiri a ku Ulaya onena za zipatso zomwe simunadyepo. Ngati mwamva masau ouma, lembani masau ouma. Ngati ndi malambe, chidede, matowo, kapena fungo la nkhokwe ya agogo, lembani zomwezo, chifukwa mawu amenewo ndiwo adzakukumbutseni kukomako chaka chamawa. Pomaliza yankhani funso limodzi: pa mawu atatu aja, chipatso, yisiti wakutchire ndi mgolo, kodi akuthandizana kapena wina akukuwa kuposa anzake?

Mukafuna kuphunzira msanga, tsegulani mabotolo awiri pamodzi. Oude Kriek ndi oude geuze wa wofulula mmodzi yemweyo amaphunzitsa kwambiri, chifukwa geuze ndi lambic wosakaniza wopanda zipatso, ndiye mumamva maziko paokha n'kuzindikira chomwe matcheri awonjezera. Mukafuna kuyerekeza ndi kriek wotsekemera uja, yambani ndi wowawasa. Mukayamba ndi wa shuga, winayo amveka ngati viniga ndipo mumulakwira.

Chakudya, ndi thupi lanu

Mukamaliza kulawa mowa paokha, bweretsani chakudya. Asidi amadula mafuta, choncho nyama yankhumba yootcha, bakha ndi tchizi zimayenda nawo bwino kwambiri. Ku Brussels amakonda buledi wopaka tchizi choyera chofewa, pamwamba pake anyezi wamasamba ndi radish. Chokoleti chakuda chosatsekemera kwambiri chimagwirizana ndi tcheri. Keke ndi zina za shuga wambiri zimaukalipitsa mowawu, ndipo tsabola amaphimba zonse. Ngati pali mlendo amene kuwawasa kwamukanikadi, musamuseke. Kale m'mabala a ku Brussels ankapereka kachibulumwa ka shuga ndi kachitsulo kophwanyira m'tambula kotchedwa stoemper. Mupatseni shuga pang'ono m'tambula yakeyo, koma atalawa kaye katatu.

Mtundu wofiirawo usakuiwalitseni kuti ndi mowa. Oude Kriek amakhala ndi mphamvu ya 5 mpaka 8 peresenti, ndipo popeza kuwawasa kumabisa ukali wake, munthu amatha kumwa wambiri osazindikira. Woyendetsa galimoto, mayi woyembekezera ndi ana asamwe. Amene amavutika ndi chilungulira kapena zilonda za m'mimba asamale, makamaka asanadye. Asidi amafewetsanso mano kwa kanthawi, choncho mukamaliza chukuchani m'kamwa ndi madzi, ndipo mudikire theka la ola musanatsuke ndi mswachi.

Mowa ukatsala m'botolo, tsekani ndi chotsekera cha shampeni, ikani m'furiji chilili, mumwe mawa lake. Mpweya ukhala utachepa koma chipatso chikhalapobe. Likapitirira tsiku lachiwiri, upititseni kukhitchini. A ku Belgium amaphika nawo kalulu: kazingani nyamayo ndi anyezi mpaka ifiire, thirani kriek wotsalayo ndi supuni imodzi ya shuga, vundikirani, ndipo iphike pamoto wochepa kwa ola limodzi kapena kupitirirapo, mpaka nyama iyambe kuchoka yokha pafupa.